Alinesi ndi Kapu ya Tsempho

Mukafika pa Msika wa Tsoka, mukangowoloka mlatho wamatabwa uja, funsani za mayi wa makatani amene amagwiragwira manja a ana a eni ake. Aliyense akulozerani. Dzina lawo ndi a Alinesi, ndipo ine Sakina ndagulitsa nsapato za kaunjika pa benchi yoyandikana ndi yawo kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu. Ndikamanena za iwo musaganize kuti ndi zongomva.

Khalidwe lawolo lawathawitsira makasitomala ambiri. Mzimayi akafika ndi khanda kumbuyo kudzafunsa katani, iwo amasiya katani ija n'kuyamba kutambasula tizala ta mwanayo, kumuyang'ana m'maso ngati muli chikasu, kufunsa ngati amalira akamugwira mapazi. Ena amaseka, ena amakoka mwana wawo n'kumapita akung'ung'udza. Ndinawauzapo kuti, "A Alinesi, tsiku lina mudzamenyedwa." Iwo anangoti, "Adzandimenye, bola nditaona kaye." Poyamba inenso ndinkawayesa osokonekera mutu, mpaka atandifotokozera kumene zinachokera.

Kwawo ndi kufupi ndi Mitundu. Anabwera m'tauni mu 1991 atangokwatiwa ndi a Lexon, amene ankasamalira maluwa pa nyumba ya bwana wina wa boma ku Area 12, a Felton Msowoya. Akazi a bwanayo ataona kuti mtsikanayu amasita malaya bwino, anamulemba ntchito ya m'nyumba, ndipo banja latsopanoli linakhala mu kaboyizikota kuseri kwa mitengo ya mapeyala.

Mwana wawo woyamba, wamkazi dzina lake Tamando, anabadwa mu 1993. Atakwana miyezi isanu ndi iwiri, manja ndi mapazi ake anatupa ngati mandasi, ndipo ankalira ukangomukhudza. Uthenga utafika kumudzi, kunabwera mchemwali wawo wa a Lexon, a Eveless. Mayi amenewa anali ataika kale m'manda ana awo atatu, onse asanayambe kuthamanga, ndipo chifukwa cha zimenezo anthu ankati matenda a ana amawadziwa. Anangomuyang'ana kamodzi Tamando n'kunena kuti ndi tsempho.

Amene munakulira m'mipanda mwina simukulidziwa. Tsempho amati limagwira khanda pamene bambo kapena mayi wake wagona ndi munthu wina kunja kwa banja. Mwana amatupa, ndipo wolakwayo akapanda kuvomera, mwanayo amafa. Kwawo kwa a Lexon mwambo wake unali wakuti mankhwala, mizu yonyika m'madzi, womwetsa mwana akhale wolakwa yemweyo, ndi dzanja lake. Kutenga kapu ndiko kuvomera mlandu, ndipo sipafunikanso mawu ena.

A Lexon analumbira atagwira Baibulo kuti iwo sanayende. Ndiye anatsala ndani? Kapu inaikidwa pakati pa mphasa. A Alinesi amati anaiyang'ana kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka mthunzi wa mapeyala unafika pakhonde, mwana akulira mpaka mawu kusasa. Mwamuna wina sankamudziwa. Koma anadzifunsa kuti, nanga ngati mankhwalawa angathandize, ine ndikhale ndi dzina loyera mwana ali m'manda? Anatambasula dzanja n'kutenga kapu.

Patatha sabata kutupa kunaphwa, monga mmene matenda amenewa amachitira paokha, ndipo a Eveless anabwerera kumudzi atapambana. Kutupa kunabweranso patapita miyezi iwiri, koma zimenezo palibe anazilabadira. Dzina linali litamata kale. A Lexon anakhalabe zaka zinayi, panabadwa mwana wachiwiri, Shadrick, kenako anapita kukakwatira kwina, akuuza aliyense kuti sangakhale ndi mkazi amene anavomera yekha. Anamwalirira komweko patapita zaka.

Tamando ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, a chipatala anapeza kuti ali ndi sikoselo, matenda amene amapinda maselo a magazi mpaka kumatseka timitsempha, munthu n'kumamva ululu m'mafupa ngati akumukhomera misomali. Poti pa mzere panali anthu ambirimbiri, amene anawauza analibe nthawi yofotokoza kumene matendawo amachokera. Anangoti ndi a m'magazi. Kumudzi atamva anati, eyatu, magazi a mayi ake anadetsedwa kale. A Alinesi nawonso, ngakhale ankadziwa kuti sanachimwe, anayamba kukhulupirira kuti vuto lili mwa iwo okha.

Mwana wamkazi wa a Msowoya, Chipulikano, anabadwa chaka chimodzi ndi Tamando. Mpanda unali umodzi, ndiye ankasewera limodzi, ngakhale wina ankapita kusukulu pagalimoto, wina wapansi. Tamando akagwidwa ndi ululu, Chipulikano ankazemba m'nyumba yaikulu kudzamugwirira botolo la madzi ofunda pa mawondo. Tamando anamwalira mu June 2009, kukuzizira, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. A Alinesi sanathe kupitiriza kusesa pabwalo pamene mwana wawo ankasewera. Anasiya ntchito, anagula belo yawo yoyamba ya makatani, ndipo ndi mmene anadzakhalira aneba anga pa Tsoka.

Chipulikano uja anapita kunja kukaphunzira mpaka anakhala katswiri wa kafukufuku wa matenda a magazi. Ife tinkangomva kuti ali mu labu ina ku Ulaya, m'gulu la anthu amene akufufuza njira yokonzera chibadwa cha munthu kuti sikoselo ileke kumuzunza. Kunena zoona, ine ndinkaziyesa nkhani zongokometsera pakamwa.

Mu 2024 anabwera kudzaona makolo, ndipo anaitanidwa kukayankhula pa hotela ina ku City Centre. Anafika yekha pa Tsoka kudzawaitana a Alinesi, akuwoloka mlatho wathu ndi nsapato zazitali, atagwira zamphepete ngati wakwera bwato. A Alinesi anavomera, koma anati sapita okha, ndiye ndinakokedwa ine.

M'holomo munadzaza masuti. Chipulikano anayankhula ola lathunthu m'Chingerezi, akuonetsa zithunzi pakhoma, anthu akugwedeza mitu, ena mwa iwo ndikukayika ngati ankamva. Nthawi ya mafunso itakwana, a Alinesi anaimirira osakweza n'komwe dzanja.

"Chipu, iwe, tanena m'Chichewa. Ndasiya benchi ine."

Anthu anaseka, koma Chipulikano sanaseke. Anati, "Pepani, mama. Zili motere. Timatenga maselo amene amapanga magazi m'thupi la wodwalayo, timawakonza mu labu, kenako timawabwezera m'thupi mwake. Ambiri amene alandira chithandizochi, ululu uja sukuwabwereranso."

"Chifika liti kuno?"

Bambo wina wa tayi amene ankatsogolera mwambo anayamba kufuna funso lina, koma a Alinesi sanakhale pansi.

"Sindikunamizani, mama," anatero Chipulikano. "Si chaka chino, si chaka chamawa. Ngakhale kunjako ochipeza ndi ochepa. Ntchito ya gulu lathu ndi yofufuza njira yoti chidzatheke m'zipatala ngati zathu kuno. Zitenga zaka."

"Ndiye mwatiitanira fungo la nyama yowotcha kwa aneba," anatero a Alinesi, n'kutuluka.

Ine manyazi anandigwira, koma ndinawatsatira. Chipulikano anatipeza pakhonde pamene anaikapo tiyi ndi zakumwa. Ndinkaganiza kuti a Alinesi apepesa. M'malo mwake anafunsa funso lina.

"Mukuti mumakonza pamene palakwika. Amalakwitsa ndani?"

Chipulikano anatola zitsekerero zinayi za mabotolo pa tebulo, ziwiri zofiira ndi ziwiri zobiriwira. Anaika chofiira ndi chobiriwira kumanja, nati awa ndi bambo. Anaika chofiira ndi chobiriwira kumanzere, nati awa ndi mayi. Anafotokoza kuti munthu wokhala ndi chofiira chimodzi sadwala, ndipo sadziwa n'komwe kuti ali nacho. Mwana amatenga chimodzi kwa bambo, chimodzi kwa mayi. Akatenga zofiira zonse ziwiri, ndiye sikoselo imeneyo.

"Nanga kholo likayenda kunja kwa banja?"

Chipulikano anadabwa, poti za kapu ija sankazidziwa, anali khanda nayenso nthawi imeneyo. "Sizikukhudzana n'komwe, mama. Tamando anabadwa nazo. Chimodzi anatenga kwa inu, china kwa a Lexon. Pakanapanda cha a Lexon, sakanadwala." Anawonjezera kuti kutupa manja ndi mapazi ndi chizindikiro choyamba mwa makanda ambiri, kuti mwana akapezeka msanga pali mankhwala ku chipatala chachikulu ochepetsa ululu ndi kumuteteza ku matenda ena, ndiponso kuti Shadrick akayezetse.

A Alinesi anatola zitsekerero zija n'kuzimanga pa nsonga ya chitenje. Tinakwera minibasi yobwerera ku Old Town. Ndinkadikira misozi, koma sinabwere. Anangoti, "Zaka makumi atatu ndi chimodzi, a Sakina." Nkhope yawo inali yaukali moti kondakitala sanayerekeze kuwafulumizitsa potsika. Inenso ndinakwiya, ndipo ndikakumbukira ndimakwiyabe, kuti chinthu chofotokozeka ndi zitsekerero zinayi chinadya banja la munthu.

Shadrick nthawi imeneyo anali ndi shedi yake yowotcherera zitsulo ku Area 1, ndipo anali atakwatira Tusekile, mtsikana wa ku Karonga woluka tsitsi, amene abale ake onse anali kutali kumpoto. Tusekile anali woyembekezera. A Alinesi atamuuza mwana wawo zokayezetsa, anangoseka. "Amayi, ine ndimanyamula geti ndekha. Ndikudwala pati?" Mwana anabadwa wamwamuna, anamutcha Benedicto, ndipo agogo ake ankamutambasula tizala Lamulungu lililonse akatuluka ku tchalitchi.

Benedicto ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, Shadrick anapeza ntchito ya mafelemu a mawindo ku Kasungu ndipo anakhalako mwezi wathunthu. Atangobwerako, manja a mwana anatupa. Apa ndi pamene mnyamatayu anandikhumudwitsa. Sanauze amayi ake amene ali kutsidya kwa mtsinje chabe. Anaimbira foni azakhali ake, a Eveless, ku Mitundu. Anakula akumva kuti amayi ake anatenga kapu, ndipo mumtima mwake ankakhulupirira kuti pa nkhani zoterezi iwo alibe pakamwa.

Lachiwiri m'mawa, tikuyala katundu, foni ya a Alinesi inalira. Anali Tusekile, akunong'ona. "Amayi, bwerani. Mwana watupa. Azakhali afika, akuti ndivomere kenako ndizipita kwathu."

A Alinesi anasiya makatani ali mbwee pa benchi. "A Sakina, tiyeni. Ndikufuna mboni."

Nyumba ya Shadrick ili kuseri kwa mashopu, zipinda ziwiri. A Alinesi analowa osanena odi. A Eveless, okalamba tsopano koma maso akadali akuthwa, anakhala pa mpando. Shadrick anaima pakhomo la kuchipinda atavala ovolosi, akuyang'ana pansi. Chikwama cha Tusekile chinali chomangidwa kale pakona. Iye anagwada pa simenti mwana ali pamiyendo, ndipo patsogolo pake panali kapu yapulasitiki ya madzi akuda. Dzanja lake linali litayamba kale kutambasuka.

"Siya," anatero a Alinesi.

"Amayi, mwina amuthandiza," anatero Tusekile akulira. "Ine sindinachite kanthu, koma taonani mmene akulirira."

"Ndikudziwa kuti sunachite kanthu. Bweza dzanja."

A Eveless anatsokomola. "Alamu, pa nkhani iyi inu mukhale omaliza kuyankhula. Inutu munavomera, tonse tikuona."

"Ndinanama."

Shadrick anadzutsa mutu.

"Ndinanama, alamu. Mwamuna wina sindinamudziwepo. Ndinatenga kapu kuti mwana wanga akhale moyo, ndipo anafabe. Bodza limenelo ndalisenza mpaka mwana wanga wobereka ndekha akuopa kundiimbira foni. Lero m'nyumba muno sanamanso munthu."

Anamasula nsonga ya chitenje, n'kuyala zitsekerero zija pa simenti, pambali pa kapu. Anafotokoza monga anafotokozera Chipulikano, bambo uku, mayi uku, mwana chimodzi kuno chimodzi uko.

"Amayi, zimenezo ndi za azungu," anatero Shadrick.

"Mzungu wake ndi Chipulikano, amene ankakupukuta mamina ku Area 12? Mchemwali wako anayamba chimodzimodzi, manja omwewa, miyezi yomweyi. Unamuona mmene anafera." Ananyamula kapu ija n'kumulozetsa nayo pachifuwa. "Ngati ukufuna wolakwa, tenga ndiwe. Akakhala matenda a Tamando, theka ndi lako. Tenga, ummwetse, Area 1 yonse idziwe kuti ku Kasungu unayenda."

"Koma ine sindinayende."

"Inenso sindinayende. Uyunso sanayende. Bwanji kapu ikungolunjika kwa wovala chitenje?"

Shadrick anabisa manja kumbuyo. A Alinesi anatuluka panja, anakhuthula mankhwala aja mu ngalande, nabwerera ndi kapu yopanda kanthu n'kuiika pa miyendo ya a Eveless. Kenako ananyamula Benedicto mosamala kuti asamukhudze manja, n'kumubereka.

"Mwana ameneyo akafa ali pamutu panu," anatero a Eveless.

"Pamutu ndasenzapo kale wina zaka makumi atatu. Uyu ndamuika kumbuyo. Ndikupita ku chipatala, wofuna anditsate."

Tinatuluka. Tusekile anatitsatira atavala patapata wa mwamuna wake, chikwama chija anachisiya pakona pomwepo. Tinadutsa m'chipiringu cha Area 1, a Alinesi akukankha anthu ndi chigongono kuti asagunde mwana. Shadrick sanaoneke. Ndinawauza kuti tidikire pang'ono, iwo anakana. Ndinaona kuti zikuwapweteka, chifukwa ankadziwa kuti akapanda kubwera ndiye kuti ataya mwana wachiwiri ali moyo. Minibasi itatsala pang'ono kunyamuka, wina anamenya chitseko. Anali Shadrick, thukuta lili kamukamu. Anakhala pafupi ndi mkazi wake, ndipo amayi ake sanamuyang'ane n'komwe.

Zotsatira zinatuluka patapita masiku. Benedicto ali ndi sikoselo. Tusekile ali ndi chofiira chimodzi, Shadrick nayenso ali nacho chimodzi. Atamva zimenezo mnyamata uja anakhala pa benchi ya chipatala n'kulira ngati mwana, ndipo ine sindinamumvere chisoni msanga. Madzulo ake anakamasula yekha chikwama cha mkazi wake n'kubwezera zovala m'malo mwake.

Musaganize kuti Benedicto anachira. Amamwa mankhwala tsiku lililonse, amagona mu neti, amapita ku kiliniki mwezi ndi mwezi, ndipo nyengo yozizira ikayandikira agogo ake amakhala osakhazikika. Koma akukula, ndipo pano akuyenda, akugwetsa nsapato zanga pa benchi. Tsiku limene zotsatira zinatuluka, a Alinesi anaimbira Chipulikano ku Ulaya ine ndili pomwepo. Sanayambe ndi moni.

"Chipu, ndakupezera wodwala. Ali ndi miyezi eyiti. Ine ndimusunga wamoyo, iwe fulumira ndi zofufuza zakozo. Usadzandiitanirenso fungo lokha."

Sindinamve zimene anayankha, koma anayankhula nthawi yaitali, ndipo a Alinesi anamaliza ndi kuti, "Chabwino, ndikhala ndikukufunsa." Amamufunsadi, mwezi uliwonse, ndipo katswiri uja amayankha ngati mwana wasukulu amene sanamalize homuweki.

Patatha mwezi umodzi chichitikireni za kapu zija, ndinaona mayi wokalamba akuwoloka mlatho pang'onopang'ono, atagwira ndodo. Anali a Eveless. Ndinakonzeka kuti kubuka mkangano, mpaka ndinasuntha nsapato za makasitomala. Anafika pa benchi ya makatani n'kuima nthawi yaitali osapereka moni. A Alinesi anapitiriza kupinda katani.

"Tizitsekerero tija muli nato?" anafunsa a Eveless.

A Alinesi anamasula chitenje n'kuyala zinayi zija pa thabwa. Anafotokozanso, mofanana ndendende, osafulumira, osawonjezera mawu. A Eveless anagwira chofiira chimodzi ndi chala.

"Ndiye ngati Lexon anali nacho, inenso ndikhoza kukhala nacho."

"Mukhoza. Mimba yanu inali imodzi."

"Anga aja atatu anatupa onse," anatero a Eveless, mawu ali pansi. "Onse atatu kapu ndinatenga ndine. Woyamba ndinkadziwa kuti sindinachimwe. Pofika wachitatu ndinayamba kukayika ngati sindinachimwe m'maganizo."

Zimenezi sindinkazidziwa, ndipo a Alinesi nawonso sankazidziwa. Manja awo anaima pa katani.

"Ndiye kuti inenso sindinalakwe, alamu?"

A Alinesi anaika katani pambali. Kenako anakoka mpando wawo wokhawo, umene salola ngakhale ine kukhalapo, n'kuwaikira.

"Kwa ana anu simunalakwe," anatero. "Kwa ine munalakwa. Khalani pansi, mwachokera kutali."

A Eveless anakhala pansi, chitsekerero chofiira chili m'manja, ndipo anakhala pomwepo mpaka tinayamba kulongedza katundu.